Chaka Chimene Amalume Ake Anabwera Kudzamutenga

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni. Palibe anandiletsa ayi, nzeru zanga zinali m'manja basi. Mlongo wanga, mwamuna wondiponda pamutu, ndiye anatenga mutu wa banja lonse. Atate anachokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo tonse awiri tinabadwira kuno ku Kafue, tinkasamba m'beseni limodzi. Iye anapita ku yunivesite, kenako anakwera ndeke kupita kutsidya kwa nyanja kukafufuza za khansa. Ine ndinalowa fakitale ya nsalu, pa makina oluka, ndinakwatiwa, ndinabereka mwana mmodzi wamkazi, bambo ake anamwalira mwanayo ali wamng'ono.

Boma litasintha, malonda atamasulidwa, m'mashopu munadzaza zinthu zimene kale tinkaimira pamzere. Mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, anayamba kutsika pamsika tsiku ndi tsiku, ndipo nsalu yathu inasowa wogula. Kufakitale anayamba kutichepetsa, gulu ndi gulu, mpaka langa linafika. Ndiye ndinatani? Ndinayamba kugulitsa salaula yomweyo pamsika wa ku Nangongwe. Amayi anali atakalamba, miyendo yotupa, ankakhala ndi ine.

Nthawi imeneyo ndi imene maenvulopu a mlongo wanga anachuluka. Munkakhala mapepala osindikizidwa, zilembo zing'onozing'ono, zithunzi za timizere takuda ngati mapazi a nkhuku. Ine ndinkangozindikira dzina la atate pamwamba. Amayi sankadziwa kuwerenga konse, koma ankawapukuta ndi chitenje n'kuwaika m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo.

Amene ankawerenga anali mwana wanga. Anali kusekondale, ndipo ankakhala pakhonde ndi dikishonale, nshima n'kuzizira pambale. Iye ndiye anatifotokozera kuti kwa anthu ofufuza, kulemba kokha si kanthu. Akuti wina akalemba zimene wapeza, kumapeto amandandalika mayina a anthu amene ntchito yawo yamuthandiza. Ndiye ngati anzako akukutchula kawirikawiri, ndiye kuti zimene unapeza n'zolemera. Ngati sakukutchula, unangodetsa pepala. Ndipo akuti amalume ake ankatchulidwa kwambiri, ku Japani, ku Jeremani, kaya kutinso, ndi anthu amene sanawaonepo nkhope.

Amayi atamva zimenezo, basi. Aliyense wobwera pakhomo, kaya wogulitsa makala, kaya mayi wa nsomba za ku Chanyanya, ankauzidwa. Amvekere, mwana wanga amamutchula ku Japani. Anasiyanso kumutchula dzina akamakamba za iye, anayamba kumati adokotala. Mwana amene ine ndinkamupukuta mamina.

Ndinene bwino apa, chifukwa sindifuna kunama. Sindinkamufunira zoipa. Koma ndikamawathowa amayi miyendo ndi madzi otentha, iwo maso ali pakabati, ndinkamva kutentha pachifuwa. Ndinkadzifunsa kuti kodi nsalu zonse ndinaluka zija zili kuti? Anthu anavala, anaberekera ana, ena anaikidwa nazo m'manda. Ndani ananenapo kuti iyi analuka ndi uje? Mwina sizifanana, kaya. Mwina nsalu ndi nsalu basi. Koma pachifuwa pankatentha ndithu.

Chaka chimene mwana wanga anamva kuti wakhoza bwino mayeso omaliza, mlongo wanga anabwera. Inali nyengo yozizira, ife tili m'majuzi, iye kamalaya kopyapyala, akuti kuno sikuzizira. Chinyanja chake chinali chija cha makolo athu, cha kumudzi, chifukwa anachoka kalekale. Ana a m'komboni ankamuseka akamati ndithu, zikomo kwambiri.

Mbiri inali itafika kale kuti kwabwera dokotala wa khansa. M'mawa mwake pakhomo panali anthu. Bambo wina anabwera ndi mkazi wake wa chotupa kubere. Mlongo wanga anawalandira bwino, koma anawauza kuti iye sapima odwala, sapereka mankhwala, ntchito yake ndi yofufuza m'chipinda, ndipo anawachonderera kuti apite kuchipatala chachikulu ku Lusaka msanga, asachedwe kwa aliyense. Anthu anachoka akung'ung'udza kuti nanga udokotala wake ndi wa chiyani. Ine ndinali kukhitchini, ndipo mtima unapepuka pang'ono. Si zabwino, koma unapepuka.

Masana tikudya, mwana wanga anamufunsa kuti kwenikweni anapeza chiyani chimene anthu amamutchulira. Iye anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati makina athu oluka ankaima okha ulusi ukaduka. Ndinati inde, panali kachitsulo kamene kankagwa n'kuimitsa makina. Anati thupi lilinso choncho. Tizidutswa ta thupi, timene amati maselo, timagawikana kuti munthu akule, bala lipole, koma muli kanthu kamene kamatiimitsa pakalakwika. Kanthuko kakafa, maselo amangogawikana osaleka, ndiye chotupacho. Iye ndi anzake anapeza njira imodzi imene kanthuko kamafera, ndipo ena ofuna kupanga mankhwala amayambira pamenepo.

Ndinamva. Koyamba m'zaka zonsezo ndinamva bwinobwino. Koma ndinayang'ana mwana wanga, mmene ankamuyang'anira, pakamwa potsegula, mbamu ili m'manja. Makina amenewo ndinamuuzapo kangati ali mwana? Sanandiyang'anepo choncho. Munthu wabwera dzulo, watenga makina anga omwe, ndipo akukoma m'kamwa mwake.

Nkhani yeniyeni anaibweretsa pamsika. Ndinali nditangodula belo, azimayi akulimbirana masiketi, iye n'kukhala pa kampando kanga kudikira kuti gulu lichepe. Kenako anayamba mozungulira, za mmene mwanayo alili ndi mutu, za sukulu za kumeneko, za nyumba yake imene ili ndi chipinda chongokhala. Iye sanakwatire, alibe mwana. Ndinadziwa kumene akupita asanafike.

Kwathu kum'mawa mwana wa mlongo wako ndi wako. Malume ndiye mwini mbumba, akanena kuti mwana uyu ndikamuphunzitse, mayi sumakana pokhapokha pali chifukwa chooneka. Ine ndinakulira m'tauni koma zimenezo ndimazidziwa, ndipo iye ankadziwa kuti ndimazidziwa. Ine maganizo anga anali akuti mwanayo aphunzire unamwino ku Lusaka konkuno. Maminibasi anali atachuluka, Loweruka akanamabwera, ndikumuona, ndikumuphikira.

"Asisi, sindikumulanda," anatero. "Ndikupempha."

"Anthu onse amakutchula aja sakukukwanira?"

Anaseka pang'ono. "Ena amanditchula pofuna kunena kuti ndinalakwitsa."

"Koma amakutchula."

"Amatchula dzina la atate ndi chaka. Nditadwala chimfine chachikulu chija palibe ndi mmodzi yemwe anabwera ndi phala."

"Ndiye ukufuna mwana wanga akakuphikire phala?"

"Phala ndimaphika ndekha, loipa. Ndikufuna akaphunzire."

Mayi wina anandifunsa mtengo wa bulauzi, ndinamuyankha mokalipa mpaka anaiponya n'kuchoka. Ndinauza mlongo wanga kuti iye ali ndi zonse, ndeke, mapepala, amayi omwe ndi ake ngakhale ndine ndimawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Ine ndili ndi chimodzi. Anangotola bulauzi ija n'kuipinda, moipa, manja ake sadziwa kupinda chovala.

Pomaliza ndinati tikamufunse mwini wake. Ndinanena choncho chifukwa mumtima ndinkakhulupirira kuti mwana wanga sangandisiye. Tinkagona chipinda chimodzi chibadwire chake. Ndinkati adzalira, adzati amalume dikirani kaye.

Tinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndisanamalize kufotokoza ndinaona kuti sakudabwa. Anapukuta manja pa siketi, anayang'ana amalume ake kaye, kenako ine. Kuyang'ana kumeneko, kuyamba ndi iye, ndi kumene kunandiuza kuti anakambirana kale. Kaya liti, kaya m'makalata, kaya dzulo lake awiriwo atapita kukaona mlatho wa pa mtsinje wa Kafue, sindinafunse.

"Amai, nifuna kuyenda," anatero. "Koma mukakana, sinizayenda."

Mwana wanzeru ndi woopsa. Anandiika mpeni m'manja, iye n'kuima pomwepo. Ndikanakana, akanakhala, ndikudziwa, ndi mwana womvera. Akanakhala, n'kumabwera Loweruka lililonse, n'kumandiyang'ana ngati khoma limene linamutchinga. Ndiye ndikanakhala ndi ndani? Thupi lake basi. Amayi anali pakhomo la khitchini atagwira ndodo, ndipo nkhope yawo inali itavota kale.

Ndinati apite. Sindinanene mokoma, ndinangoti pita, ndipo ndinatenga zovala zimene ankachapa n'kumaliza ndekha, kuti manja akhale ndi chochita.

Zokonza ulendo zinatenga miyezi, mlongo wanga anatsogola, mwanayo n'kutsatira mvula itayamba. Anthu kumsika ankandiyamikira kuti ndili ndi mwayi, mlongo wotere ena alibe. Ndinkavomera. Ndi zoona, ena alibe.

Masiku amenewo foni ya m'manja inali ya mabwana okha. Tinapangana kuti aziimba pa shopu ya bambo wina pafupi ndi siteshoni, Lamlungu tikatuluka kutchalitchi. Miyezi yoyamba ankalira, akuti kukuzizira, chakudya sichikoma, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinkabwerera kunyumba ndi mphamvu. Kenako kulira kunatha. Tchuthi chake choyamba amalume ake anamulola kuthandiza kuntchito kwawo, kutsuka timabotolo, kulemba zizindikiro.

Lamlungu lina anaimba akupumira m'mwamba ndi chimwemwe. Anati pepala lathu lalandiridwa, anthu ena akuluakulu atitchula pamsonkhano, tikuyembekeza kuti chaka chamawa tidzatchulidwa kwambiri. Ndinamufunsa ngati dzina lake lilipo papepalapo. Anati ayi, iye sanafike pamenepo, koma ndi lathu ndithu, la gulu lathu. Lathu, tathu, ife. Ine ndinaima pamenepo, foni ili kukhutu, mwini shopu akundiyang'ana kuti ndifulumire, ndikufufuza ngati m'ife ameneyo ndilimo.

Ndinamuuza kuti agogo ake miyendo yaphwa pang'ono, kuti mtengo wa mapeyala wabereka. Anati zabwino. Ndinamufunsa ngati wadya. Anati adya pambuyo, ayenera kuthamangira kuntchito kaye, chifukwa maselo amene amasunga m'timbale amafuna kusinthiridwa madzi a chakudya, ngakhale Lamlungu, apo ayi amafa, ndipo amalume anamudalira iye kuti awadyetse.

Ndinati chabwino, thamanga, angafe.