Zingwe za Adzukulu

Pamsika wa Neno Boma palibe amene anandigonjetsapo ponenerera mtengo. Ndimagula mbuzi motchipa, mwini wake n'kutsala akundithokoza. Choncho nditadzuka m'bandakucha tsiku loika mlamu wanga ku Dambe, ndinauza abale kuti bwana wa kuntchito kwake andisiyire ine, chipepeso tichita kuthandizana kusenza.

Mlamuyo ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Blantyre. Anamuimika pa phaleti, thabwa losanjikapo katundu, n'kumukweza ndi fokolifiti, kagalimoto ka mano awiri achitsulo, kuti akatsitse makatoni pamwamba. Woyendetsa, amene anangophunzira poonerera anzake, anasuntha pang'ono. Mlamu anagwa. Mng'ono wanga amagwiranso ntchito komweko, ndipo Lolemba ankayenera kubwerera.

Kunacha ndi chifunga, kamvula kakuwaza. Amayi amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi. Anthu anafika wapansi, ena panjinga zamoto, matope mpaka m'mawondo. Bwana anafika mochedwa, galimoto itatitimira kawiri. Ndinamutengera kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba ndi kumutamanda, monga ndimachitira ndi mwini mbuzi. Ankangovomera. Mumtima ndinati mbewa yalowa.

Tinapita kumanda pang'onopang'ono, njira ili yoterera. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, wamkulu wawo akulangiza: uyu agwire apa, uyo asaponde m'mphepete, dothi lanyowa. Namfedwa sayankhula kumanda, koma mchemwali wanga, mkazi wa malemuyo, anatembenukira kwa bwana.

“Bwana, taonani. Wakufa akumutsitsa ndi zingwe, anthu odziwa ntchito yawo. Ali moyo munamukweza wopanda ngakhale lamba. Zimene achimwenewa akunenerera zidikire kaye. Aphunzitseni anthu anu.”

Ndinayang'ana nsapato zanga. Itafika nthawi ya mawu a kuntchito, bwana anapinda pepala limene anabwera nalo. Analonjeza kuti munthu sadzakweranso pa phaleti, wokwera pamwamba azilowa m'khola lachitsulo atamanga lamba, ndipo wosaphunzira sagwiranso kiyi wa fokolifiti. Luso langa linagwira ntchito apa pokha: ndinati akumbuyo sanamve. Bwana anabwereza mokweza, mng'ono wanga akujambula pa foni.

Madzulo anthu atabalalika, panyumba panali zii. Mchemwali anagona koyamba m'masiku atatu. Mng'ono wanga ankachapa ovolosi yake pakhonde.

Ine ndinanenerera m'mawa wonse kuseri kwa nkhokwe. Mchemwali anayankhula kamodzi, osatchula mtengo. Inu mukuti pamsika umenewu anapambana ndani?