Gracinda ndi Uthenga Wosapita kwa Munthu

Gracinda anabadwira ku Chidzolomondo, makolo ake atangobwerako ku Malawi komwe anathawira nkhondo. Chikhalireni sanali munthu wokhazikika. Anakaphunzira za makompyuta ku Tete, anagwirako ntchito ku Furancungo, mvula isanagwe n'komwe anakwera minibasi ya chapa n'kukatsikira ku Tsangano. Kumeneko gulu lina la alimi a mbatata ya kachewere linkafuna pulogalamu yodziwitsa anthu pa foni tsiku lobwera kamiyao, lole yodzanyamula matumba.

Kulemba pulogalamuyo sikunamuvute, koma kuyesa. Akangodina kuti aone ngati zikuyenda, uthenga unkapitadi kwa anthu. Redi, netiweki ya mafoni, ikathawa, sankadziwa ngati cholakwa n'chake kapena ayi. Ankangozungulira nyumba, foni ili m'mwamba.

Tsiku lina kunafika a Valdemar, mlimi wachikulire, thukuta lili kamukamu.

"Mwanawe, kamiyao ija ili kuti? Ndatsitsa matumba pa ngolo mpaka kumsewu."

"Pepani bambo, ndimangoyesa."

"Ukuyesera pa ng'ombe zanga?"

Gracinda anawaperekeza kukakweza matumbawo. Atabwerako anaigawa pawiri pulogalamu ija: mbali yosankha tsiku ndi alimi payokha, yotumiza uthenga payokha. Poyesa, yotumizayo ankaichotsa n'kuikapo yonamizira. Iyo inkalandira uthenga n'kuvomera kuti wapita, koma foni ya munthu osalira. Akatero ankaifunsa kuti yalandira chiyani, chopita kwa yani. Ankathanso kuilamula kuti ikane dala, ngati muja redi yaduka.

Pokana paja mpamene anatulukira vuto. Pulogalamu yake ikakanidwa inkangomudumpha mlimiyo, osayesanso. Alimi onse a kuseri kwa phiri, komwe redi imabwera mwa apo ndi apo, akanatsala ndi mbatata yawo.

Anakonza, n'kuyesa, n'kuyesanso, akuyendayenda pakhonde, tiyi mpaka kuzizira. Komabe sanakhutire, poti yonamizira imangoyankha zomwe waiuza. Anapita kwa a Valdemar kukapempha kuti ayese kamodzi kokha pa foni yawo, iwo akuona.

"Ng'ombe zili m'khola, yesa," anatero.

Foni inalira m'thumba mwawo.

Loweruka kamiyao inabwera, ndipo a kuseri kwa phiri ndiwo anayamba kufika pamsewu. Gracinda anangoimapo pang'ono. Anali atamva kuti mayi wina uthenga unamufika kawiri, ndiye anakwera njinga yamoto kukaona yekha foniyo.