Nthabwala Imene Sindinaikonze

Chizindikiro choyamba chinali chipisi. Unali mwezi wa Juni, Mzuzu akuzizira monga mwa mwambo wake, ine ndili pachiwaya cha kudepoti kudikira wokwera njinga yanga yamoto. Ndinatola chipisi ndi dzanja lamanja, chinagwa. Ndinatolanso, chinagwanso. Ndimati ndinene kuti dzanja lachita dzanzi, koma lilime linalemera, pakamwa panapotokera kumbali.

Anzanga a kabaza anafa nacho chiseko. "Ayamba bwana a kukoleji! Lero akutsanzira chidakwa, akutha chomene!" Sindiwaimba mlandu. Koleji ndinaisiyira panjira, digiri imene ndili nayo ndi ya nthabwala basi. Mmodzi anandijambula pafoni n'kutumizira mkazi wanga, Nyachirwa, ku Msongwe kuti naye aseke.

Iye sanaseke. Anaimba nthawi yomweyo. "Nthabwala za bamboyo ndimazidziwa zonse, n'zobwerezabwereza. Iyi si yawo. Thamangani nawo kuchipatala!"

Kuchipatala anandiyeza BP, inali pamwamba kuposa magiredi onse amene ndinapezapo. Anati ndi sitiroko yaing'ono. M'wodi mtima sunakhale m'malo. Nesi akabwera ndi mapilisi, ankandipeza ndikufinya chitsulo cha bedi ngati buleki. Dzanja lamanja ndilo limapatsa moto njinga, ndipo njingayo ndiyo imadyetsa banja langa.

Adokotala anandiuza kuti mitsempha ya magazi ya mu ubongo ili ndi kakhungu kopyapyala mkati mwake. "Fodya, BP ndi mafuta okazingira mobwereza zimakadya ngati dzimbiri. Masamba ndi zipatso zimathandiza thupi kukateteza, koma mankhwala musasiye." Ndinavomera mwaulemu, ine amene ndinkalalikira pachiwaya kuti masamba ndi a mbuzi.

Nditatuluka ndinkapita kukafinya kampira kwa olimbitsa ziwalo, mzere wautali, benchi lozizira. Zala zinabwerera chimodzichimodzi, chala chachikulu pomaliza, ngati bwana.

Lero ndayambiranso kukwera, maulendo afupiafupi. Fodya ndinasiya, mapilisi sindiphonya, bonongwe ndi magwafa ndikulimbirana ndi mbuzi.

Mukaona munthu pakamwa papotoka, dzanja lafooka, mawu akukokeka, musadikire kuti amalize sewero. Mtengereni kuchipatala msanga, ngakhale atakhala ine. Ikakhala nthabwala, tikasekera limodzi pobwerera.