Notisi ya Mayi Kachingwe

Ntchito yanga yoyamba kuno kwa azungu, mumzinda wa Middlesbrough, ndinaipeza kudzera mwa mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye. Amuna anga anabwera kudzasamalira okalamba, ine ndinangowatsatira, ndipo ndinatha miyezi isanu ndikungosuzumira pawindo. Mayiyo anamva kuti kampani ina yogulitsa nyumba zopangiratu kufakitale ikufuna munthu wa mu ofesi. Ndinapita, anandifunsa ngati ndimatha kompyuta, ndinavomera molimba mtima kuposa mmene ndinkaithera, basi anandilemba.

Nyumba zimenezi zimabwera pa malole awiri, theka uku theka uko, n'kukazilumikiza pamalo a wogula. Zimaoneka zophweka, koma mapepala ake amazunguza mutu. Banki situlutsa ngongole saveya wake asanakaone malowo ndi kulemba mtengo wa nyumbayo. Saveya salemba kanthu asanaone kuti konkire ya maziko yauma, madzi ndi magetsi zafika. Fakitale nayo sikweza nyumba pa lole isanalipidwe. Ine ndinkakhala pakati pa atatuwa ndi mafayilo, foni ndi bolodi loyera lomwe tinkalembapo pamene nkhani ya munthu aliyense yafika. Bwana wanga, Maureen, anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti wogula ndizimuuza zimene zili pa bolodi, osawonjezera, osachotsa.

Kwa azungu ndinkachita zomwezo. Vuto linabwera ndi Mayi Kachingwe, nesi wachikulire wa kwathu, amsinkhu wa mayi anga ondibereka. Amuna awo anachita sitiroko, mwendo ndi dzanja zinafooka, ndipo nyumba yawo ya lendi inali ya masitepe. Anagula kamalo kumudzi kunja kwa tauni kuti aikepo nyumba yopanda sitepe ngakhale imodzi. Mayiwo atandipeza mu ofesimo anasangalala, akuti Mulungu wawaikira mwana wawo pakhomo. Ine ndinafufuma, sindinama.

Kenako mvula inayamba, ya kuno ija yosadziwa kuleka. Lole ya konkire inalephera kulowa m'kamsewu kopita kumaloko chifukwa cha matope. Saveya anapita, anapeza dzenje lodzaza madzi, n'kubwerera. Konkire itathiridwa anapitanso, koma anati m'dera lonselo sanapezemo nyumba ya mtundu umenewu yomwe inagulitsidwapo kuti ayerekezere mtengo, choncho fayilo anaitumiza kwa akuluakulu ake. Pa bolodi, pa dzina la Kachingwe, panali inki yofiira yokhayokha, yomwe timalembera nkhani zimene zaima.

Mayi ankaimba foni kawirikawiri, mawu ali otopa ndi ntchito. Amayamba ndi moni, kufunsa ana, kenako n'kuti nanga nyumba ija. Ine pakamwa pankangotuluka kuti, "Zikuyenda, amayi, musadandaule." Kwathu sitinaleredwe kumuuza munthu wamkulu nkhani yoipa mwachindunji, umayamba wazungulira kaye. Ndinkadziuza kuti sabata yamawa ziyendadi, ndiye ndiwavutitsirenji mtima. Sindinkaona ngati ndi bodza, ndinkati ndi ulemu.

Lolemba lina m'mawa kalata ya banki inafika, yoti yankho la saveya lichedwa ndi masabata ena angapo, ndipo tsiku lenileni sangalonjeze. Ndili mkati moiwerenga, chitseko chinatseguka. Anali Mayi Kachingwe, yunifolomu idakali m'thupi, atanyamula kontena ya mandasi. Anaiika pa desiki panga n'kunena kuti abwera kudzandithokoza, chifukwa mawu anga anawalimbitsa mtima mpaka apereka notisi kwa landilodi. Atuluka kumapeto kwa mwezi, ndipo landilodiyo wapeza kale wina wolowamo.

Ndinati ndikubwera, n'kuthawira kwa Maureen, kukamupempha kuti akawauze iyeyo poti ndi bwana. Anandifunsa zimene ndakhala ndikuwauza. Nditamufotokozera sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangochotsa magalasi n'kuti, "Fayilo ndi yako. Ukawauze panopa, ine ndikhala pambali pako."

Ndinawakhazika pansi, ndinatembenuza kompyuta kuti aone okha, ndipo ndinanena zonse: dzenje la madzi, saveya, kalata ya tsiku lomwelo. Ndinanenanso kuti ndinkadziwa kuyambira kale. Mayi anayang'ana bolodi lija.

"Mwana wanga," anatero, "ine ndine nesi. Ndauza anthu angati kuti munthu wawo sadzayendanso? Ukuganiza kuti ndikanakomoka ndi nkhani ya konkire? Bambo ako aja ndikawagoneka kuti?"

Tsiku lonselo ine ndi Maureen tinali pa foni. Landilodi anakana kubweza notisi. A banki anati fayilo ili pamzere. Fakitale inavomera kusunga nyumbayo osaipereka kwa wina, chokhacho ndicho tinapindula. Mandasi aja anakhala pa desiki mpaka nthawi yoweruka, palibe anawagwira.

Mwezi utatha, banja lina la kutchalitchi linawapatsa chipinda, koma chinali cham'mwamba. Masabata asanu ndi awiri abambo a mumpingo ankasinthana kukawanyamula Bambo Kachingwe pa masitepe tsiku la kuchipatala likakwana, mmodzi mwa iwo anali amuna anga. Ndinapitako kamodzi ndi ndiwo. Ndinawaona bambo amene anali mphunzitsi wamkulu kwathu akutsitsidwa atakhala pa mpando wa kukhitchini, atatsinzina ndi manyazi. Ndinalira m'basi njira yonse.

Nyumba ija inafika ndithu, ndipo lero Bambo Kachingwe amayendamo ndi ndodo yawo popanda wowagwira. Mayi anandikhululukira, ngakhale panatenga nthawi kuti andiitanenso kuti mwana wanga. Ine ndikadali pa ntchito yomweyi. Inki yofiira ikangolembedwa pa bolodi ndimaimba foni tsiku lomwelo, ndipo akakhala munthu wamkulu wa kwathu ndimayamba ndi iyeyo. Moni ndimapereka, ana ndimafunsa, kenako ndimati, "Amayi, khalani pansi, ndipo notisi musapereke kaye."