Dothi la Yotamu

Sukulu titatsekera sabata yatha, ndinati nanenso ndikaone mapiri a Viphya amene azungu a ku Boma la Mzimba sasiya kuwatama. Ine ndine wa ku Kasungu, abale anga owerenga. Zaka zonsezi ndaphunzitsa kufupi ndi Embangweni, mapiriwo ndinkangowaonera patali.

Amene anandiperekeza ndi adada Shaba, mkulu wa mpingo wa m'mudzi umene ndimaphunzitsamo. Ndinadabwa kuti munthu wa imvi wotere akuumirira ulendo wa masiku awiri wapansi. Titawoloka mtsinje woyamba anandiuza chifukwa chake.

Mwana wawo Yotamu anatengedwa kukhala mtengatenga pa nkhondo ya Ajeremani. Pobwerera, atatsala pang'ono kufika kwawo, anadwala chifuwa pamwamba pa mapiriwo n'kumwalira. Anzake anamuika pomwepo, naunjika miyala yoyera pamanda, pambali pa njira. Makolo ake sanapiteko. Tsopano amayi ake, a NyaMoyo, ali gone pamphasa, ndipo apempha chinthu chimodzi chokha.

"Akuti ndikatape dothi la pamanda a mwana, akamwalira tidzawaike nalo," anatero adada Shaba. "Mbwenu, umenewo ndiye ulendo wanga, aphunzitsi. Inu kaoneni mapiri."

Ndipo mapiriwo ndinawaonadi. Kuja n'kokongola, musanamizidwe! Udzu wake ndi waufupi, wofewa, maluwa ofiira ali mbwee. Madzi akutsika pathanthwe ozizira mpaka mano kuwawa. Mphepo yake inandilowa m'mafupa dzuwa lili paliwombo, ine amene ndinanyada kuti jekete langa ndi lokwanira. Nkhungu itayera, ndinaona dziko lonse la Mzimba lili pansi, mpaka kumalire a Rodeshiya.

Pamalo okongola koposa pali mpando. Anaumanga anthu olima msewu kuti alendo azipumirapo akamamwa tiyi. Ndinakhalapo, ndinatambasula miyendo, mtima uli mbee.

Adada Shaba sanakhale. Ankangozungulira m'udzu, uku akugogoda pansi ndi ndodo. Apite uko, abwerere. Kenaka anaima patsogolo panga, osayang'ana ine koma chimene ndinakhalira.

"Aphunzitsi, tanyamukani pang'ono."

Ndinanyamuka. Mpandowo ndi wa miyala yoyera, ndipo paphiri lonselo panalibe mulu wina.

Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba. Tinafuna malo a manda mpaka dzuwa kupendeka, koma udzu unamera kale paliponse mofanana. Pamene panali mulu uja sipadziwikanso.

Kodi ndikwiyire ndani? Olima msewu aja? Ndi anthu ogwidwa m'midzi yakutali, kapitawo ali pamsana pawo. Anauzidwa kuti apeze miyala, naipeza itaunjikidwa kale. Mlendo womwa tiyi nayenso sadziwa kanthu. Ine ndemwe ndinakhalapo, chonsecho nkhani ya Yotamu ndinali nditaimva dzulo lake.

Vuto lathu ndi limeneli. Tikafika pamalo okongola timayesa kuti ndife oyamba, kuti dzikolo linkangodikira maso athu. Sitifunsa. Koma njira zonse za m'mapiri amenewa zinapondedwa ndi anthu osenza katundu wa eni, opanda bulangete, ndipo ambiri sanatsike. Kumidzi kuno kuli amayi amene mpaka lero akamva mlendo pabwalo amatuluka mothamanga. Inu amene mukonza zokwera Viphya kapena Hora, pitani ndithu, mukasangalale. Koma mukaona miyala itaunjikana patchire, dziwani kuti sinadziunjike yokha. Funsani a m'mudzi wapafupi musanaigwire.

Pomaliza adada Shaba anagwada pambali pa mpando, nafukula dothi ndi manja, nalimanga pakansalu.

"Inu mumawerenga Buku kuposa ine," anatero. "Ndikakanena kuti ili ndi la pamanda, ndachimwa?"

Ndinangoti, "Adada, mwana wanu ali m'phiri lomweli."

Tinafika kumudzi Lachinayi masana. A NyaMoyo anali ataonderatu, mawu akutuluka movutikira. Analandira kansalu kaja, nakagwira pachifuwa. Koma sanafunse amuna awo. Amawadziwa kuti ndi a mtima wofewa, angathe kuwabisira. Anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, inu simunama. Manda a mwana wanga mwawaona ndi maso anu?"

Adada Shaba anayang'ana pansi.

"Ndawaona, amama."

"Ngosamalika?"

"Ngosamalika. Miyala yake ndi yoyera, yoyalidwa bwino. Ndipo aliyense wodutsa amaima pamenepo."

"Yewo chomene," anatero pothokoza, natseka maso, akumwetulira.

Tinawaika Loweruka, kansalu kali m'manja.

Lolemba likubwerali nditsekulira sukulu, ndipo ndidzaima patsogolo pa ana amene ndimawakwapula akanama. Mtima wanga sukunditsutsa, komanso sunakhazikike. Inu amene mumadziwa malamulo onse khumi pamtima, mukanakhala ndinu mutagwada pambali pa mphasa ija, mukanawauza chiyani amayi a Yotamu?