Nyimbo Zopanda Mwini

Kuno ku Doha tsiku langa lopuma ndi Lachisanu. Ndimachapa ndi kusita mu hotela ina ya ku Al Dafna, m'zipinda za pansi kumene dzuwa silifika, ndipo ndimagona ku Al Muntazah m'chipinda cha anthu anayi. M'chaka changa chachiwiri, mnzanga wina wa ku Dedza anandikokera ku Fereej Bin Omran, ku fulati kumene Amalawi ochepa amakumana masana a Lachisanu kuti aziimba nyimbo za kwaya. Ndinapita mokakamizika. Kuimba ndinali nditasiya kuchokera pa maliro a bambo anga.

Tinalipo ngati khumi ndi awiri, madalaivala, magadi ndi ife amayi anayi. Tinkaimba motsitsa mawu, mazenera ali otseka, kuopa kusokoneza oyandikana nawo. Wotsogolera anali bambo wina wachikulire wa cha ku Balaka, gadi wa pa nyumba ya maofesi, waimvi, wolankhula pang'onopang'ono. Titaimba nyimbo zitatu, anatulutsa m'thumba la pulasitiki pepala lachikale, lofiirira, lomatidwa ndi selotepi m'mopindika monse.

"Iyi ambiri simukuidziwa," anatero. "Yalla, tiyeni, liyende pepalali, koma muligwire bwino. Ndi lalikulu kuposa ena a inu."

Litafika m'manja mwanga, ndinaliyang'anitsitsa. Inali nyimbo yolembedwa m'solofa, zilembo zija za do, re, mi zimene oimba amatsatira, mizere inayi, mawu ake ali pansi. Chilembo cha m chinali chopanda mwendo womaliza paliponse pamene chinagwera, ndipo m'solofa chimagwera pafupifupi pa mzere uliwonse. Tayipi yothyoka m choncho ndinkaidziwa imodzi yokha. Inali ya bambo anga. Pansi pa pepalalo panalembedwa kuti: Wopeka, sadziwika.

"Apa ananama," anatero bambo a ku Balaka aja, akuloza mawu omwewo. "Anapeka ndi mayi anga. Anaiimba koyamba pa manda a mwana wanga woyamba, atangomukwirira. Patapita mwezi kunabwera munthu wa panjinga, akuti wamva za nyimboyi. Anakhala pa mpando, mayi akuimba, iye akulemba. Analonjeza kubwera ndi pepala. Mpaka mayi anamwalira, sanabwere."

Panalibe mkwiyo m'mawu awo. Ndinapereka pepala kwa mnzanga, ndipo poimba ndinkangogwedeza milomo.

Bambo anga anayamba ngati mphunzitsi wa pulayimale ku Ntcheu. Solofa anaiphunzira ku sukulu ya aphunzitsi, ndipo inawalowa m'magazi. Masiku amenewo mabuku a nyimbo analipo, koma anali a nyimbo zochokera kunja zomasuliridwa. Zimene anthu ankapeka okha m'midzi zinkayenda pakamwa, ndipo bambo ankati nyimbo ikadutsa midzi itatu imafika yopunduka. Kwathu konse kuja panalibe amene anali ataganiza zoziika pa pepala n'kuzisindikiza. Ofesi ina itafuna kutaya tayipi yakale ndi makina opukusa osindikizira, bambo anazitenga, n'kubwera nazo pa ngolo.

Loweruka lililonse ankakwera njinga yawo yakuda, kope m'thumba la jekete, pensulo pa khutu. Akamva kuti kwinakwake kuli nyimbo yatsopano, kaya ndi ku Tsangano, kaya kumunsi kwa Bwanje, ankapita. Woimba ankamupempha kubwereza katatu. Pobwera ankaiwonjezera aluto, tena ndi besi, kenako n'kutayipa pa sitensulo, kapepala kopyapyala kamene zilembo zimaboola kuti inki idutse. Ankamenya tayipi mwamphamvu moti oyenda mumsewu ankamva. Akalakwitsa ankapakapo mankhwala ofiira onunkha ngati opaka m'zikhadabo. Malaya awo onse anali ndi inki m'mikono. Mayi ankasoka mapepalawo ndi singano ndi ulusi n'kukhala timabuku, masamba asanu ndi atatu kalikonse.

Timabukuto bambo ankatigulitsa pa mipikisano ya makwaya ndi pa misonkhano ikuluikulu ya mipingo. Posakhalitsa makalata oitanitsa anayamba kubwera kuchokera ku Mzimba mpaka ku Nsanje. Anasiya uphunzitsi, n'kupeza kachipinda kuseri kwa shopu ya telala pa boma. Anthu ankangowatcha bambo a manoti. Ine ndinakula ndikudziwa kuti nyimbo zonse za m'timabuku ta bambo n'zopanda mwini, ndipo sindinafunsepo chifukwa chake. Ndinkayesa kuti nyimbo zimakhala choncho, ngati miyambi.

Ntchitoyo inafa pang'onopang'ono. Kunabwera makaseti, makwaya n'kumaphunzira pongomvera. Kunabwera fotokope, kwaya imodzi n'kumagula kabuku kamodzi, boma lonse n'kukhuta. Kenako masitensulo anasowa ngakhale ku Blantyre. Makina anawabweza kunyumba, n'kuwaphimba ndi chitenje chakale cha mayi, amene panthawiyo anali atatisiya.

Banja langa litatha ndinabwerera kwathu ndi ana awiri, ndipo chaka chomwecho bambo anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinawadwazika miyezi isanu ndi iwiri. Masana ndinkawakhazika pakhonde. Nthawi zina ankatukula dzanja labwino lija n'kumayendetsa ngati akutsogolera kwaya.

"Tamvera," ankatero. "Besi yachedwa kulowa."

"Palibe akuimba, bambo."

"Alipo. Ali kuseri kwa nyumba."

Ndinkapita kukaona kuti mtima wawo ukhale pansi. Kunkakhala nkhuku basi. Tsiku lina dzuwa lili pamutu, anandifunsa ngati mphunzitsi uja wafika. Ndinati mphunzitsi uti. Apo ndi pamene anandiuza nkhani imene ngakhale mayi sanaitchulepo.

Timabuku tawo toyamba tinali ndi mayina. Pansi pa nyimbo iliyonse ankalemba wopeka ndi mudzi wake, ndipo anthu ankanyadira. Mmodzi mwa opekawo anali mnzawo wa pamtima, mphunzitsi wachinyamata amene anali atangokwatira. Iye anapeka nyimbo yodandaula za mbusa amene akunenepa nkhosa zikuwonda. Bambo anaikonda, anaisindikiza, ndi dzina ndi sukulu yomwe. Inali nthawi imene mawu a nyimbo ankasanthulidwa kuti mwina akunena wina wake. M'mawa wina kunaima galimoto pakhomo. Munatsika amuna awiri ovala bwino, kabuku kali m'manja, n'kufunsa njira ya ku sukuluyo.

"Sanandimenye," anatero bambo. "Sanandiopseze n'komwe. Anapereka moni mwaulemu. Ine ndinatuluka mpaka pamsewu, n'kuwalozera. Ndinawauzanso kuti mlatho wa kumunsi unagwa, adzere kumtunda."

Mphunzitsiyo sanaonekenso. Mkazi wake anabwera kawiri kudzafunsa, ndipo ulendo wachiwiri bambo anabisala m'chipinda. Kuyambira pamenepo nyimbo iliyonse inkatuluka ndi mawu akuti sadziwika. Kwa opeka sankabwererako, chifukwa sankadziwa kuti akawauza chiyani. Koma mayina onse ankawalemba m'kope lakuda la chikuto cholimba: nyimbo, mwini wake, mudzi. Ankati zinthu zikadzasintha adzasindikizanso zonse ndi mayina. Zinthu zinasinthadi, anthu n'kuyamba kulankhula momasuka, koma pofika nthawiyo makina anali atachita dzimbiri ndipo wogula panalibe.

"Kope lija ulisunge, mwana wanga," anatero. "Lili m'katoni ya pansi."

Ndinavomera. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndilibe wozikankhira. Ndinayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa siteji ya basi, ndipo zokulungira zinali mapepala a m'makatoni a bambo. Chaka chathunthu anthu ankapukutira mafuta pa aluto ndi tena. Makina ndinapatsa ogula zitsulo. Dzinja lotsatira denga linadontha, chiswe n'kulowa m'makatoni otsala. Ndinawatulutsa panja kuti ndiwatenthe. Kope lakuda linali momwemo, litafufuma ndi madzi, masamba atamatana. Ndinaliona, sindinganame. Ndinatsegula tsamba loyamba, n'kuwerenga mizere ingapo. Mwana anali kulira m'nyumba, mafuta anali pamoto, ndipo ndinali wotopa ndi akufa. Ndinaliponya pamoto.

Nditachoka ku Fereej Bin Omran tsiku lija, ndinajomba Lachisanu kawiri. Mnzanga ndinamuuza kuti andisinthira shifiti. Koma nyimbo ya mayi awo a bambo a ku Balaka inandikakamira. Ndikamapinda nsalu zogonera, mazana ndi mazana, zoyera zokhazokha, ndinkaimva m'phokoso la makina ochapira, mawu a munthu wamkazi mmodzi, opanda kwaya. Kawiri konse ndinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mtsikana wa ku Nepal amene ndimagwira naye anandifunsa ngati ndikudwala.

Lachisanu lachitatu ndinalawira, n'kufika anthu ena asanabwere. Ndinawapeza bambo a ku Balaka aja okha, akusanja mipando, yunifolomu ikadali m'thupi.

"Mwasowatu, achemwali. Ndimati mwina kontirakiti yatha."

"Ayi, bambo. Ndinkakuthawani inuyo."

Anaika mpando pansi. Ndinawauza zonse ndili chiimire, za tayipi, za mphunzitsi, za galimoto, mpaka za moto. Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala pansi, n'kumayang'ana matailosi.

"Munthu wa panjinga uja anali ndi kampata m'mano akutsogolo," anatero.

"Eya."

"Ndi omwewo. Mayi anawapatsa thobwa, anamwa makapu awiri. Pomaliza nyimbo anapukuta m'maso. Ndinkati munthu wolira chonchi sanganame." Anatulutsa pepala lija m'pulasitiki. "Mayi sankadziwa kuwerenga. Chimene ankafuna n'kungoona mmene dzina lawo limaonekera likatayipidwa. Akamva belu la njinga ankatuluka. Pepalali ndinalipeza patapita zaka zinayi, pa mpikisano wa makwaya. Ndinawerenga pansipa ndili m'basi, ndipo njira yonse ndinkaganiza zoti ndikanene. Nditafika ndinawalozera mawu awa akuti sadziwika, n'kuwauza kuti mayi, dzina lanu ndi ili. Analisisita ndi chala. Ankaonetsa aliyense wobwera pakhomo, ndipo odziwa kuwerenga ankangoti zikomo, agogo, lalembedwa bwino. Mudzi wonse unandithandiza bodza limenelo."

Ndinayang'ana pepala lija, limene anali atalitulutsa. Pa mawu amenewo inki inali yofufutika kuposa pena paliponse.

"Kodi bambo anu anawatchulapo mayi anga? Ngakhale kamodzi?"

Ndinafuna kunena kuti eya. Zikanakhala zosavuta, ndipo panalibe wonditsutsa.

"Sanawatchule, bambo. Ankangotchula mphunzitsi uja."

Anagwedeza mutu. Ndinatulutsa bolopeni m'chikwama, n'kuwapempha kuti andiuze dzina la mayi awo, ndililembe ndi dzanja langa, ine mwana wa mwini tayipi. Analibweza pepala m'pulasitiki.

"Ayi, musalembepo. Pamene anagwira mayi ndi pomwepa. Khalas, zinatha, achemwali, onse awiri anapita. Tandithandizani mipandoyi, anthu ali pafupi kufika."

Sananene kuti akhululuka, ndipo ine sindinapemphe. Tinaimba limodzi miyezi ina isanu ndi umodzi. Ankandipatsa moni ngati kale, koma nyimbo ya mayi awo sanaitulutsenso ine ndilipo. Kontirakiti yawo itatha sanawawonjezere chifukwa cha msinkhu, ndipo anabwerera ku Balaka. Tinawaperekeza ndi tiyi ndi mabisiketi. Dzina la mayi awo sindinalidziwe mpaka lero.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikuyesa kukumbukira zimene ndinawerenga pa tsamba loyamba la kope lija. Ndimakumbukira inki yabuluu ndi kalembedwe kopendekera ka bambo. Ndimakumbukira midzi iwiri, ndi dzina limodzi la munthu wamkazi limene sindidziwa kuti linali la nyimbo iti. Ndinaimbira foni azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene tsopano ndi okalamba kwambiri. Ndinawafunsa za mphunzitsi uja.

"Wazitenga kuti zimenezo?" anafunsa.

"Anandiuza okha, azakhali."

"Mkazi wake alipo. Amakhala cha ku Tsangano, kwa mwana wa mchemwali wake. Sanakwatiwenso. Koma iwe ukakamuuza kuti chiyani?"

Ndinati sindikudziwa, koma ndidzapita ndikabwera pa holide. Chiyambire kunena zimenezo ndapita kumudzi kawiri. Ulendo woyamba ndinati misewu yaipa ndi mvula. Ulendo wachiwiri ndinafika mpaka pa siteji, minibasi ya ku Tsangano ili pomwepo, kondakitala akundifunsa ngati ndikukwera. Ndinamuuza kuti ndikudikira munthu. Inadzaza, inanyamuka, ndipo ine ndinagula tomato n'kubwerera kunyumba.