Zimene ba Esnart anandibisira

Kalata ya ku yunivesite ina ya ku Ulaya ndinaiwerenga nditaima m'labu ya kiliniki ku Matero, kumene ndinkagwira ntchito yoyeza magazi. Anandipatsa malo oti ndikaphunzire za mahomoni ndi matenda a shuga. Ndisanauze wina aliyense, ndinakwera minibasi kupita ku Kanyama kwa ba Esnart, mkulu wanga amene anandilera makolo athu atamwalira. Ndinawapeza pamsika akuunjika tomato.

"Zaka zingati?" anandifunsa.

"Zinayi."

"Yenda, Tamara. Osayang'ana kumbuyo."

Zaka zinayizo zinasanduka khumi ndi ziwiri.

Kumeneko ndinkafufuza chifukwa chake anthu owonda, amene anakula ndi njala, amadwala shuga, pamene ambiri ankati ndi matenda a onenepa. Ndinkayeza mmene kapamba wawo amalepherera kutulutsa insulini wokwanira. Zolemba zanga zinayamba kuwerengedwa. Ophunzira ankazitchula, ndinkaitanidwa kumisonkhano, ndipo kenaka anandipatsa labu yangayanga. Koma sabata inkatha osamva munthu akutchula dzina langa mmene timalitchulira kwathu. Ndinkadya nditaimirira. Lamlungu ndinkabwereza mauthenga a ba Esnart pafoni, kumvetsera phokoso lakumbuyo kwawo, makondakitala akukuwa ndi azimayi akuitanira malonda.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ndipo yankho linali limodzimodzi: "Talandila. Tili chabe bwino." Pazithunzi ndinaona kuti masaya awo alowa. Nditafunsa anaseka, nati ndi ukalamba. Ine amene ndinkaphunzitsa ena zizindikiro za nthendayi ndinavomera, chifukwa tsiku limenelo ndinali ndi pepala loti ndimalize.

Amene anaulula ndi Natasha, mwana wawo woyamba. Anandiimbira ndili pakati pa ntchito.

"Ba anti, bwelani. Ba mami bafuna kubadula mwendo."

"Mwendo? Agundidwa ndi galimoto?"

"Iyayi, ni shuga. Bali nayo kudala, zaka zambili. Banatiletsa kukuuzani."

Ndinafika m'nyengo ya mvula, Kanyama itasefukira. Ndinayenda pa mabuloko oyalidwa m'madzi, sutikesi pamutu. Fungo la chilonda linandilandira ndisanalowe m'chipinda. Phazi la ba Esnart linali litada mpaka m'kakolo.

Ndinapempha buku lawo la kuchipatala. Masamba ake ankabwerera zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawerenga zotsatira za magazi mmene ndimawerengera za anthu osawadziwa, ndipo ndisanafike tsamba lomaliza ndinadziwa kuti impso nazo zayamba kufooka. Insulini anali mufiriji imene inkakhala yozima theka la tsiku magetsi akapita. Insuliniyo akachepa, ankadzibaya theka kuti akwanire mwezi.

"Bwanji simunandiuze?" ndinakuwa. "Ntchito yanga ndi imeneyi!"

"Sembe unabwela," anatero mofatsa.

"Inde, ndikanabwera!"

"Ndiye chifukwa chake."

Masiku otsatira ndinathamanga ngati wopenga. Ndinaimbira anzanga a ku Ulaya, kuwatumizira zithunzi za phazilo. Ndinagula mankhwala onse amene ndikanapeza. Dokotala wa maopaleshoni atamva dzina langa anaimirira, nandigwira chanza ndi manja awiri, nati anawerenga zolemba zanga ali pasukulu. Ndinamupempha, mpaka kugwada, kuti tiyese sabata imodzi yokha. Anayang'ana pansi.

"Ba dokota, mudziwa nokha. Tikachedwa, titaya munthu."

Anaudula m'munsi mwa bondo.

Ba Esnart atatuluka m'chipatala, azimayi a kutchalitchi ndi apamsika anayamba kubwera kudzazonda. Apa ndinadziwa kuti onsewo ankadziwa. Ndi iwo amene ankawaperekeza kukiliniki, kuwagulitsira tomato akadwalika, ngakhale kuwajambula zithunzi za nkhope yokha zoti anditumizire. Ena pochoka ankatulutsa mabuku awo m'chitenje kuti ndiwaonere. Owonda, okula ndi njala, anthu enieni amene ndakhala ndikuwalemba zaka zonsezi osadziwa dzina la ngakhale mmodzi. Ankandilankhula mwaulemu, atagwada, ngati mlendo. Ndinazindikira kuti komboni yonse inagwirizana kundisunga kunja kuti ndisagwe, ndipo pondisungapo inanditsekera chitseko.

Akuntchito ndawalembera kuti sindikudziwa tsiku lobwerera. Dzulo m'mawa ndikumanga bandeji, ba Esnart anandiyang'anitsitsa.

"Ubwelela liti?"

"Sindibwerera. Ndikhala ndi inu."

Ndinkayembekeza kuti asangalala. Anachotsa dzanja langa pabondo pawo, natembenukira kukhoma.

"Ndiye kuti mwendo wanga wayenda mahala, pachabe," anatero.

Ndinakhala pamenepo ndi bandeji m'manja, osadziwa ngati ndipitirize kumanga.